Zidzolo za mafuta oyeretsa khungu musazibise

 Sabata ino tikambirane za khungu. Nkhani yake ambiri amaiyankhula monong'ona, komatu zotsatira zake zimaonekera poyera, pankhope penipeni.

Pitani tsiku la msika ku Lirangwe, ku Lunzu kapena ku Chileka, simulephera kupeza timachubu ndi timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu titayalidwa pamodzi ndi sopo ndi ndolo. Ngakhale kwathu kuno ku Madziabango mafutawa anafika kalekale. Ena amabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, ena amachita kusakanizidwa kuseri kwa nyumba n'kuthiridwa m'kabotolo kopanda dzina. Ife akale tikukumbuka Ambi wa m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ankaseka atsikana kuti Fanta kumaso, Coca-Cola kumiyendo. Maina a mafuta anasintha, koma vuto likadali lomwelo.

Mwezi woyamba wodzolayo amasangalala, anzake akumuyamikira kuti wawala. Ikamatha miyezi itatu kapena inayi kumaso kumayamba kuyabwa, tiziphuphu timatuluka pachipumi ndi m'masaya, akayenda padzuwa nkhope imanyereza ngati wapakapo tsabola. M'malo mofunsa, iye amaonjezera mafuta omwewo kuti abise zidzolozo. Apa ndiye pamayambira matenda enieni.

Azungu nawo ali ndi lawo

Mwina mudabwa kumva kuti pamene ife tikulimbana n'kuyera, ku Ulaya ndi ku America kuli azungu amene amalipira ndalama kuti aderepo. Amakagona m'makina ooneka ngati bokosi lalitali, m'kati mwake muli mababu otulutsa cheza chonga cha dzuwa, chomwe akatswiri amachitcha UV. Ena amatulukamo atapsa, khungu litauma, likuyabwa ndi zidzolo. Mu 2009 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inaika makinawa m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mosakayikitsa. Dziko la Brazil linawaletsa chaka chomwecho, ndipo ku Australia malo ochitira bizinesi imeneyi anatsekedwa kuyambira mu 2015.

Makina amenewa si nkhawa yathu kumudzi kuno. Ndawatchula kuti muone kuti khungu silifuna kukakamizidwa kusintha mtundu, kaya ukulidetsa kaya ukuliyeretsa. Komanso cheza chomwe chimapsereza azungu m'makinamo ife timachipeza chaulere tsiku lililonse kumunda, kudimba ndi panjira ya kumjigo. Aliyense akulidziwa dzuwa la Okutobala ku Chileka ndi ku Lirangwe.

Chimene chimatiteteza ku dzuwa limeneli ndi kuda kwathu komweku. M'khungu muli chinthu chotchedwa melanin, chomwe chimapereka mtundu wakuda, ndipo chimagwira ntchito ngati denga la nyumba. Abale athu achialubino, omwe kalembera wa mu 2018 anapeza kuti alipo opitirira 134,000 m'dziko muno, amabadwa ndi melanin wochepa kwambiri kapena alibiretu. N'chifukwa chake amapsa msanga, amafunika chipewa, malaya a mikono yaitali ndi mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo khansa ya pakhungu imawavutitsa zedi. Iwo sanachite kusankha. Tsono inu amene Mulungu anakufolererani denga, mukulisasuliranji?

Muli chiyani m'botolomo?

Mafuta ambiri oyeretsa khungu amadalira chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo osakanizawo nthawi zina amakhala nazo zonse.

Choyamba ndi mankhwala a m'gulu la steroid, monga betamethasone ndi clobetasol. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, abwino ndithu akagwiritsidwa ntchito moyenera. Dokotala amawalemba pa matenda ena a pakhungu, odzola pang'ono pamalo podwala pokha, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, basi. Kuyeretsa khungu ndi chimodzi mwa zovuta zake, ndiye anthu anatenga vutolo n'kulisandutsa malonda. Munthu akamadzola miyezi ndi miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera. M'khwapa, m'ntchafu ndi m'mikono mumatuluka mizere ikuluikulu yonga ya mayi woyembekezera, ndipo imeneyi siitha. Kumaso kumabwera ziphuphu, ena mpaka tindevu. Chitetezo cha pakhungu chimafooka, kotero kuti chipere, mphere ndi zithupsa zimapeza pobisala n'kufalikira thupi lonse.

Steroid salekera pakhungu pokha. Akamadzoledwa thupi lonse amalowa m'magazi, ndipo angathe kukweza shuga ndi BP, nkhope n'kufufuma ngati mwezi. Pazaka zanga za unamwino ndinaona momwe khungu lotere limavutira posoka. Ulusi umang'amba ngati ukusoka chitenje chakutha, bala limachedwa kupola. Mayi amene angadzafunike opaleshoni pobereka aganizirepo bwino pamenepa.

Chachiwiri ndi hydroquinone. Ameneyu amaletsa khungu kupanga melanin. Poyamba munthu amayeradi, koma akapitiriza kwa nthawi yaitali uku akuyenda padzuwa, m'masaya, pachipumi ndi m'khosi mumatuluka mawanga akuda bii, okhakhala, oposa kuda kumene ankakuthawa kuja. Madokotala a ku Pretoria anafotokoza za matendawa mu 1975 ataona amayi ambiri akuda ataonongeka nkhope, ndipo dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Mawanga amenewa ndi ovuta kwambiri kuchiza. Mukaona mayi wachikulire woyera pakhosi koma wothimbirira m'masaya ngati anapsa ndi moto, nthawi zambiri gwero lake limakhala limeneli.

Chachitatu, choopsa kuposa zonse, ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chinkakhala m'timagalasi toyezera kutentha kwa thupi. Amamuika m'mafuta ndi m'sopo zina. Amalowa m'thupi mwakachetechete n'kukaononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Munthu amayamba kunjenjemera manja, kuiwalaiwala, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, mwinanso kutupa miyendo ndi kumaso. Pakhomo anthu amayamba kulozana zala kuti walodzedwa, chonsecho mfiti yake ili pawindo m'kabotolo. Maiko a dziko lapansi anagwirizana pangano la Minamata mu 2013 lochepetsa mercury, ndipo mu 2023 anaonjezera kuti pofika 2025 zodzola zonse zothiridwa mercury zisapangidwenso. Maiko monga Côte d'Ivoire mu 2015 ndi Rwanda mu 2018 anachitapo kanthu poletsa mafuta oopsawa. Komabe malonda a mseri samva lamulo, choncho mlonda woyamba ndinu nomwe.

Werengani zolembedwa pachubu kapena pabokosi. Mukaona mawu akuti betamethasone, clobetasol, hydroquinone, mercury, mercurous chloride kapena calomel, bwezani pomwepo. Dziwaninso kuti opanga ena salemba zoona, ndipo chinthu chopanda dzina ndi chosalembedwa kanthu ndiye chokayikitsa koposa. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwana ali m'mimba ndi wa kubere

Apa ndipemphe amayi achitsikana mutchere khutu. Mercury amadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo amapezekanso mu mkaka wa m'mawere. Ubongo wa mwana umene ukungoumbidwa kumene ndiwo umavulala msanga. Ngakhale bambo ndi ana ena amene sadzola angathe kumutenga kudzera pa thaulo, zofunda ndi m'manja mwa mayi. Tsono zoti ndidzole kuti ndidzaoneke bwino potuluka m'chikuta, chonde zisiyeni. Ndipo kudzola kwa mayi sikuyeretsa mwana wobadwayo, mtundu wa mwana umachokera kumakolo.

Palinso chizolowezi china chimene chafala. Mwana akatuluka zidzolo m'matako chifukwa cha thewera, kapena timatuza ta thukuta m'khosi nyengo yotentha, mayi amatenga kachubu kake komwe kaja n'kumupaka, poti kamachotsa zidzolo msanga. Zoona, mawa lake pamaoneka ngati papola. Koma khungu la khanda ndi lopyapyala, limamwa mankhwala ambiri, makamaka pamalo pophimbidwa ndi thewera. Ngati zidzolozo ndi za mphere kapena chipere, steroid amangoziziziritsa pamwamba uku pansi zikuyala mizu. Mwana wa zidzolo za thewera musintheni pafupipafupi, mutsukeni ndi madzi oyera, aume bwino, apitidwe mphepo, mupake Vaseline. Zikapanda kusintha pamasiku atatu, pitani naye kusikelo.

Nanga amene munayamba kale mutani?

Musachite manyazi, ndipo musataye mtima. Anamwino aona zambiri, nkhope yanu siikhala yoyamba.

Tengani machubu, mabotolo ndi sopo zonse zimene mwakhala mukudzola, pamodzi ndi kabuku kanu ka kuchipatala, mupite pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi pa Madziabango, pa Chileka, pa Lirangwe kapena ku Mlambe ku Lunzu. Kanenedi zoona: munayamba liti, mumadzola kangati patsiku, kumaso kokha kapena thupi lonse. Mukabisa, adokotala angathe kukulemberani steroid wina pamwamba pa amene wakudwalitsaniyo. Vuto likakhala lalikulu adzakutumizani ku Gulupu, kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, komwe kuli akatswiri a khungu. Pemphani kuti akuyezeni BP, shuga ndi mkodzo.

Mafuta okayikitsa kuti muli mercury asiyeni lero lomwe, ndipo musawasiye poti ana angawatole. Koma ngati mwakhala mukudzola steroid wamphamvu thupi lonse kwa miyezi yambiri, kasiyidwe kake akuuzeni ndi adokotala, chifukwa thupi limakhala litazolowera ndipo nthawi zina pamafunika kuchepetsa pang'onopang'ono.

Konzekerani kuti masabata oyamba adzakhala owawa. Nkhope imatentha, imafiira, imasupuka, ziphuphu zimachuluka, ndipo mtundu umabwerera mwamawangamawanga, poyamba wakuda kuposa kale. Ambiri amagonja pamenepa n'kubwerera kumsika. Limbani mtima, limeneli ndi khungu likudzikonza lokha, ndipo pakapita miyezi ingapo ambiri amasalala. Sambani ndi sopo wosanunkhira, musakhule ndi mwala kapena chinkhupule cholimba, dzolani mafuta wamba monga Vaseline. Valani chipewa kapena fundani ambulera, ntchito za kumunda muzilawirira m'mamawa, dzuwa la masana likupezeni pamthunzi. Mandimu, phulusa, mankhwala otsukira mano ndi mankhwala oyeretsera zovala zisayandikire pankhope panu.

Zidzolo zina sizidikira mawa. Mukaona zidzolo pamodzi ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche, matuza aakulu, khungu losendeka, kutupa milomo kapena kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati mwangoyamba kumene kumwa mankhwala atsopano monga Bactrim. Chilonda cha pakhungu chimene chatha mwezi osapola nachonso chikaonedwe.

Mawu kwa abambo ndi makolo

Abambo inu, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Amayi ambiri sadzola chifukwa chodana ndi khungu lawo. Amadzola chifukwa anamva mwamuna wawo akuyamikira mkazi woyera wa pa TV, kapena akuopa kuti muwasiya n'kukatenga wina. Ena mwa inu ndinu amene mumagula mafutawo pochokera kutauni, mumvekere ndakugulira mphatso. Palinso abambo amene ayamba kudzola okha. Kumbukirani kuti tsiku la chinkhoswe munaloza mkazi wakuda yemweyo pamaso pa ankhoswe n'kunena kuti ndi ameneyu. Muuzeni mkazi wanu ndi pakamwa panu kuti ndi wokongola momwe alili. Ngati akusiya mafutawo, muperekezeni kuchipatala, ndipo masiku amene nkhope ikusupuka musamuseke kapena kumunyoza. Ndalama ya impso ikadwala siifanana ndi ya kachubu.

Makolo, samalani pakamwa. Mwana mukamamuitana kuti chakuda iwe, kapena kumamuyerekeza ndi mng'ono wake woyererapo, mawuwo amawasunga, ndipo tsiku limene adzagwire ndalama yakeyake adzathamangira kumsika. Onani zimene ana anu akudzola, makamaka amene ali kusekondale yogonera komweko, kumene atsikana amabwerekana mafuta. Mtsikana wa ziphuphu za unamwali mupite naye kuchipatala, chithandizo chake chilipo. Inunso alangizi ndi amayi a kumpingo amene mumalangiza akwati, lekani kuuza mwana kuti ayambe kudzola kukatsala mwezi kuti adzawale pa tsiku la ukwati. Ukwati ndi wa tsiku limodzi, mawanga aja ndi a moyo wonse.

Ogulitsa nanunso, mankhwala a steroid amphamvu malo ake ndi kufamase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo amafunika kulembedwa ndi dokotala. Amene mukumugulitsayo ndi mwana wa mnzanu.

Amene muli ndi mafunso pa zimene mukudzola, musafunse wogulitsa, iye akufuna ndalama. Funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu kapena anamwino kusikelo. Safunsa anadya phula. Tikumanenso Lamulungu likudzali, Chauta akatisunga.