Maliro a gule ndi mwana wa mpingo

M'midzi yambiri ya ku Dedza, kwa Kaphuka ngakhale kwa Kachere, munthu akamwalira pamabuka funso lovuta: aimba ndani? Ngati malemu anagula njira, akulu a mpingo sayandikirako, ndipo ng'oma za gule ndizo zimawaperekeza kumanda. Mwana wawo amene ndi mkhristu amangokhala chapatali atazolika, poopa kuti akaponda pabwalo adulidwa mumpingo. Za mwana ameneyu zimandidya mumtima. Kodi kulira bambo ako pamwambo wa makolo awo n'kupembedza mizimu?

Funsoli silinayambire kuno. Ku China, wansembe Matteo Ricci, amene anamwalira mu 1610, ankaona anthu akuwerama pamaso pa timatabwa tolembapo mayina a makolo awo, iye n'kunena kuti uwu ndi ulemu chabe. Anzake ena anakana kwamtuwagalu. Papa Clement XI analetsa miyamboyo mu 1704, ndipo Benedict XIV anatsekeratu nkhaniyo mu 1742. Ku Korea lamuloli linakhetsa magazi: mu 1791 Yun Ji-chung anadulidwa mutu atatentha timatabwa ta makolo ake pomvera mpingo. Koma mu 1939, pa nthawi ya Papa Pius XII, Roma analola akhristu kuchita nawo miyambo yolemekeza makolo. Mabanja anagawanika kwa zaka pafupifupi 200 pa chinthu chimene mpingo womwewo unadzaona kuti sichinali tchimo.

Kwathu kuno ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo analimbana ndi nyau kotheratu. Nazo nyau sizinagonje. Zinatulutsa zilombo zotchedwa Maliya ndi Simoni pofuna kubwezera. Pa Mua pomwepo, mu 1976, Bambo Claude Boucher Chisale anatsegula malo a zachikhalidwe a Kungoni, ndipo lero m'nyumba ya Chamare ya pamalopo muli zigoba za gule zambirimbiri, zosungidwa ndi mpingo umene kale unkadana nazo. Sinodi ya Nkhoma inatenga njira ina: inaika chilangizo m'malo mwa chinamwali, koma pa za nyau siinafewe. Ku Zaire, komwe tsopano ndi Congo, Roma anavomereza mu 1988 Misa imene amatchulamo makolo a mtima wolungama.

Sindikunena kuti zonse za kudambwe n'zoyera. Kumenya anthu panjira, nyimbo zolaula, anyamata kusiya sukulu chifukwa cha gule, zimenezi mkhristu ayenera kuzikana poyera. Ndimakhulupiriranso kuti mkhalapakati wathu ndi Khristu yekha, ndipo sindingathire nsembe pansi pa mtengo kuti mizimu indipulumutse.

Komabe mlaliki akamanena kuti agogo athu onse amene anafa asanamve uthenga ndi ziwanda, akunena zimene Mulungu sanamuuze. Ife tomwe timasonkha ndalama za simenti, kumanga chiliza, kuphika nsima ndi kuitana abusa kuti adzapempherere mwambowo. Tikatero timati n'kukumbukira. Nanga mnzathu akakhala pasiwa ya bambo ake pamene kunja kukulira ng'oma, bwanji timathamangira kumuweruza?

Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo a ku Dedza, khalani pansi ndi mafumu mugwirizane malire omveka bwino, kuti mwana wa mpingo azitha kuika bambo ake m'manda popanda kuopa kudulidwa.