Foni Isamalere Mwana M'malo Mwanu

Amayi, mwana wa zaka zitatu akamalira inu muli pa ntchito, n'kosavuta kumupatsa foni kuti aonere makatuni. Amatontholadi, koma mtima wake sunaphunzirepo kanthu.

Pa msinkhu umenewu, mwana amaphunzira kuugwira mtima kudzera mwa inu. Akakwiya kapena kuchita mantha, amayang'ana nkhope yanu n'kumva mawu anu, ndipo pang'onopang'ono amazindikira kuti mkwiyo umatha. Foni imangomuiwalitsa. Akaizolowera, tsiku limene batire yatha amadzigwetsa pansi, chifukwa sadziwa njira ina yodzitonthozera.

Mu 2019, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Wa zaka 3 kapena 4 amafunika kugona maola 10 mpaka 13. Kuonera usiku kumachedwetsa tulo, ndipo mwana wosagona mokwanira sachedwa kupsa mtima.

Choncho akalira, munyamuleni n'kumufunsa kuti, "Wakwiya eti?" Pa nthawi ya chakudya, zimitsani TV. Akamaonera, khalani naye n'kumakambirana zimene akuona. Masana azisewera masanje ndi anzake, madzulo muimbireni nthano. Muuzenso agogo ake ndi onse amene amatsala naye.