Cifukwa Cace Matimati Amafiira

M'mawa uli wonse magalimoto amatula mabokosi a matimati pa msika wa Soweto mu Lusaka. Amai a ku Kabwata ndi ku Chelstone amagulako kuti akagulitsenso, ndipo ena amafika m'makhichini a ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Wogula amasankha ofiira, nasiya obiriwira. Nanga kufiirako kumacokera kuti?

Cipatso cosapsa ciri ndi utoto wobiriwira wonga wa masamba. Cikakhwima cimatulutsa mpweya wosaoneka wochedwa ethylene. Mpweyawu uli ngati belu la kusukulu, pakuti umadzutsa anchito a m'kati mwa cipatso. Anchitowa ndiwo maenzaimu, tinthu tocepetsetsa timene timasandutsa cinthu cimodzi kuti cikhale cina. Ena amaphwanya utoto wobiriwira. Wina amalumikiza tizidutswa tiwiri, napanga cinthu copanda utoto cochedwa phytoene. Anzace amacilandira nacikonza pang'ono pang'ono, kufikira citasanduka lycopene, ndiwo utoto wofiira. Utoto womwewo umapezekanso m'mavwende ndi m'magwafa ofiira m'kati.

Palinso enzaimu ina imene imapinda nsonga ziwiri za lycopene, niisandutsa carotene, utoto wa karoti, maungu ndi mango. M'matimati akupsa enzaimu imeneyi imafooka, motero utoto wofiira umaunjikana. Carotene ikalowa m'thupi la munthu imasanduka vitamini A, amene amasunga maso. Mwana womsowa saona bwino kukada, ndipo amadwala kawirikawiri. Ndico cifukwa cace cimanga ca maonekedwe a lalanje cinaperekedwa kwa alimi a m'Zambia m'caka ca 2012. Utoto wonsewu umasungunuka m'mafuta, cotero thupi limaulandira bwino m'ndiwo zothira mafuta kapena nsinjiro.

Anchito aja safuna kutentha kwambiri. Kukapitirira madigiri 30, monga kumacitira mu Okutobala, amaleka kupanga utoto wofiira, ndipo cipatso cimangokhala cacikasu. Mai wosadziwa amayanika matimati ace padzuwa kuti afiire msanga, koma amangofota, ndi ndalama zace zimatayika. Mai wanzeru amawaika pamthunzi pamodzi ndi nthoci yakupsa, imene imatulutsa mpweya uja wocuruka. Patapita masiku owerengeka onse afiira, ndipo ogula aima pa thebulo lace.

MAFUNSO
1. Kodi maenzaimu amagwira nchito yanji?
2. Bwanji matimati safiira bwino mu Okutobala?
3. Chulani zakudya zitatu zimene ziri ndi carotene.