Kodi hatchi nayo imadwala mphumu?

Ana inu, mwina m'kalasi mwanu muli mnzanu amene amayenda ndi kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu. Kodi mukudziwa kuti hatchi, chinyama champhamvu chija, nayo imabanika chimodzimodzi?

Hatchi imapumira m'mphuno mokha, sipumira pakamwa ngati ife. Ikakhala phee, imapuma ka 8 mpaka ka 16 pa mphindi imodzi. Kumaiko ozizira monga Canada ndi Britain, mahatchi amakhala miyezi yambiri m'khola, akudya udzu wouma. Mu udzumo mumabisala fumbi ndi chuku. Hatchi ikazika mphuno mu udzu, zonsezo zimatsikira m'mapapo.

Apa m'pamene nkhondo imayambira. Thupi lili ndi asilikali ake, omwe ndi maselo oyera a m'magazi. Mwa hatchi yamphumu, asilikali otchedwa ma neutrophil amathamangira m'mapapo ochuluka kuposa muyeso. Tinjira ta mpweya timatupa, timadzaza makhololo, ndipo timinofu totizungulira timafinyika. Tayesani kupumira m'kabango kakang'ono, muone kuvuta kwake! Hatchi imatsokomola, mphuno zili tasa, ndipo imakankha mpweya ndi mimba mpaka m'mbali mwake mumaoneka mzere wa mnofu.

Dokotala wa ziweto akafika, kawirikawiri amapereka mankhwala a m'gulu la steroid. Amenewa si aja amene ochita masewera ena amabera nawo mipikisano ayi. Awa amatsanzira cortisol, yemwe thupi limapanga lokha m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Ntchito yawo ndi kuuza thupi kuti, "Basi, bwezani moto!" Mwa mankhwalawa, dexamethasone amabaya jakisoni kapena kumwetsa, pamene fluticasone ndi ciclesonide amapopera m'mphuno. Pakangopita masiku ochepa, hatchi imayamba kupuma bwino.

Koma pali chodabwitsa. Madokotala ali ndi njira yosuzumira m'mapapo: amalowetsa kapaipi kofewa kudzera m'mphuno, n'kuthira madzi amchere, kenako n'kuwayamwanso kuti awerenge maselo amene atuluka nawo. Akatswiri a pa yunivesite ya Montréal ku Canada anaona kuti hatchi ikamalandira mankhwala koma ikudyabe udzu wafumbi, ma neutrophil aja amakhala adakali ambiri, ngakhale kupuma kwapepuka. Amachepa pamene hatchiyo yachotsedwa m'fumbi.

N'chifukwa chake eni mahatchi amanyika udzu m'madzi kapena kuufukiza ndi nthunzi, amatsegula mazenera a khola, ndipo amatulutsa hatchi kuti ikadye msipu wauwisi. Komanso mankhwala a steroid aja sangaperekedwe mwachisawawa, pakuti akachuluka amafooketsa chitetezo cha thupi.

Denga likamadontha, amayi amatchera beseni kuti mphasa isanyowe. Besenilo n'lothandiza ndithu usiku umenewo, koma kukacha, bambo ayenera kukwera padenga kukafolera. Kwa hatchi yamphumu, steroid ndiye beseni, ndipo kuchotsa fumbi ndiko kufolera.