MAKHOLOLO AKATSEKA NJIRA ZA MPWEYA

Mpweya umene tipuma utsika pakhosi, nugawikana m'tinjira tambirimbiri ta m'mapapo, monga nthambi za mtengo. M'tinjiramo muli madzi onanda amene akola fumbi ndi tizilombo, ndipo tiubweya tosaoneka ndi maso tiwakankhira kukhosi usana ndi usiku. Amenewa ndiwo makhololo.

Tsono makhololo akauma ndi kulimba ngati ulimbo, atseka kanjira. Mbali ya phapo imene ili kuseri kwake isowa mpweya nifota, ndipo tizilombo tiswana momwemo kufikira munthu agwidwa chibayo. Zotere zionekaoneka kwa odwala mphumu, kwa osuta fodya, kwa okalamba, ndi kwa iwo ogona masiku ambiri osadzuka atachitidwa opaleshoni.

Wodwala abanika, akhosomola koma osatulutsa kanthu, ndipo m'chifuwa mwake mulira. Dokotala amvetsera m'chifuwa mbali zonse ziwiri. Kumene kwatsekeka mpweya sumveka bwino. Aika kachida pachala kuti aone ngati mpweya ukwanira m'magazi, ndipo pena ajambula chifuwa ndi X-ray. Chifuwa chikafika milungu 2, makhololo ayenera kupimidwa, pakuti mwina ndi chifuwa chachikulu cha TB. Kupimako n'kwaulere m'zipatala za Boma.

Ntchito yaikulu ndiyo kufewetsa makhololo kuti atuluke. Ambiri athamangira kusitolo kukagula mankhwala oletsa kukhosomola. Kumeneko n'kutseka pakhomo njoka ili m'nyumba. Wodwala amwe madzi okwanira, akhale tsonga, apume mokoka mpweya kwambiri, ndipo ngati angathe ayendeyende pabwalo. Anamwino aphunzitsa achibale kumugoneka cham'mbali, mbali yotsekekayo ili pamwamba, ndi kumuombaomba pamsana ndi dzanja lofumbata pang'ono ngati chikho. Musachite zimenezi kwa munthu wolavula magazi kapena wothyoka nthiti, ngakhalenso atangotha kudya.

Wa mphumu alandira mankhwala opumira otsegula njira, monga salbutamol. Mankhwala opha tizilombo sasungunula makhololo ayi. Aperekedwa pokhapokha chibayo chitalowa. Zonsezi zikakanika, madokotala a ku zipatala zazikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, alowetsa kapaipi kowala kunsonga, naona chotsekacho, nachiyamwa.

Aphunzitsi auze makolo kuti mwana wopuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena milomo itasintha mtundu, asagone naye kumudzi kudikira kuche. Ndipo ngati kubanikako kunayamba mwadzidzidzi mwanayo akudya mtedza kapena chimanga, muwauze a chipatala msanga, pakuti chotseka njira chingakhale mtedzawo, osati makhololo.