Kodi mumadziwa? Kumwetulira m'ndege nako ndi ntchito

• Mu 1983, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Arlie Hochschild, adatulutsa buku lotchedwa The Managed Heart atafufuza moyo wa otumikira apaulendo m'ndege za Delta Air Lines. Adaonetsa kuti kumwetulira tsiku lonse, ngakhale wapaulendo akukulalatira, ndi ntchito yolemetsa mtima.

• Thupi nalo limatopa. Ndege ikakwera m'mwamba, mpweya wa m'kati mwake umakhala wouma ndiponso wopepuka ngati wa paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400. Kuwoloka mayiko osiyana nthawi kumasokonezanso tulo.

• Njira ina yopepulira mtima idachokera ku chipembedzo cha Chibuda. M'chinenero cha Pali amaitcha metta, kutanthauza kufunira ena zabwino. Munthu amakhala phee, n'kuyamba kudzifunira mtendere iye mwini, kenako wokondedwa wake, kenako munthu amene sakumudziwa bwino, kenako amene wamukwiyitsa, pomaliza zamoyo zonse.

• Mu 2008, Barbara Fredrickson ndi anzake adafalitsa kafukufuku woonetsa kuti ogwira ntchito pakampani ina ya makompyuta ku America ankakhala osangalala kuposa kale atasinkhasinkha motere kwa milungu ingapo.

• Masiku ano mphunzitsi wa kusinkhasinkha ali m'thumba. Pulogalamu ya pafoni ya Headspace, yomwe idatuluka mu 2012, imatsogolera munthu ndi mawu a Andy Puddicombe, yemwe kale anali mmonke wa Chibuda. Wotumikira m'ndege angamvetsere kwa mphindi 10 ali kuhotela, akudikira ulendo wobwerera.

Komabe foni singalowe m'malo mwa tulo tokwanira ndi masiku opuma.