Chinaka: Duwa Limene Timadya Tisadalione

Munthu amene adayendapo mumsika wa pa Boma la Mzimba sangalephere kuchidziwa chinaka. Amayi amachiyala m'mbale, chofiirira ngati chiwindi, nachidula ndi mpeni molingana ndi ndalama ya wogula. Ambiri tidadyerapo nsima, ena mpaka kumachitama kuti chikunga nyama. Koma titati tifunse ana a sukulu, kaya aphunzitsi awo amene, kuti atijambulire duwa la chomera chimenechi, kodi ndi angati angakhoze? Chinaka timachidziwa ndi lilime lokha, maso athu sadachionepo chili moyo kuthengo.

Chinaka, chomwe Achewa amati chikande ndipo anzathu a ku Zambia amati chikanda, si chomera cha mtundu umodzi ayi. Limeneli ndi dzina la timbatata ta zomera zingapo za m'banja lomwe akatswiri amalitcha orchid, makamaka za m'magulu a Disa, Satyrium ndi Habenaria. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya orchid yopitirira 400, ndipo pafupifupi theka la mitunduyi limapezeka pa Nyika. Ina imamera pamitengo, koma ya chinaka imamera pansi: m'madambo, m'maudzu a kumapiri a Viphya, ndiponso mumthunzi wa mombo ndi masuku, m'nkhalango zonga ya Perekezi, kum'mawa kwa Bomali. Maina ena a zomerazi ali ndi mbiri ya dziko lino. Disa walleri idatchedwa pokumbukira Horace Waller, mmodzi wa amishoni amene adafika ku Magomero m'chaka cha 1861, pamene Satyrium buchananii ikukumbutsa John Buchanan wa ku Zomba.

Kaphikidwe kake makolo adakadziwa kalekale, ndipo Jessie Williamson adakalemba m'buku lake la zomera zothandiza za dziko lino, lomwe lidatuluka koyamba m'chaka cha 1955. Timbatata tija amatitsuka, kutisinja, nkutiphika m'madzi a chidulo mpaka phala lake litalimba. Likazizira limagwirana, ndipo amaliduladula nkuliphikanso ngati ndiwo, kawirikawiri zotendera.

Tsono tiyeni tichoke kumsika, tilowe m'nkhalango. M'chilimwe monse chomerachi sichioneka. Moyo wake umabisala m'kambatata pansi pa nthaka. Mvula ikagwa chimaphuka, ndipo pakati pa dzinja, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, chimatulutsa phesi limodzi la maluwa. Ena ndi ofiirira, ena oyera, ena obiriwira mwakuti munthu wothamanga amangowapondereza. Pa nthawi imeneyi kambatata kakale kamafota chifukwa chakudya chake chatha, ndipo pambali pake pamakula katsopano kodzaphuka chaka chamawa. Kameneka ndiko wokumba amafuna. Choncho khasu likalowa, limachotsa chomera cha chaka chino pamodzi ndi cha chaka chamawa.

Duwa lenilenilo ndi lodabwitsa. Mungu wake suuluka ngati wa ngayaye za chimanga. Udamangidwa m'timitolo tomata. Kachilombo kakabwera kudzamwa timadzi totsekemera, timitolo tija timakamatirira, ndipo kamakatitula pa duwa lina osadziwa kuti katumidwa. Timadzito timakhala m'kachubu kuseri kwa duwa. Satyrium ili ndi timachubu tiwiri, chomwe ndi chizindikiro chake. Mitundu yambiri ya Habenaria imayamba kununkhira dzuwa likalowa, pakuti alendo ake ndi agulugufe a usiku a milomo yaitali. Ubale woterewu ndi umene udachititsa chidwi Charles Darwin. M'chaka cha 1862, ataona orchid ya ku Madagascar ya kachubu kotalika pafupifupi masentimita 30, iye adanena kuti payenera kukhala gulugufe wa mlomo wofika pansi pa kachubuko. Ena adakayika, koma gulugufeyo adadziwika m'chaka cha 1903, Darwin atamwalira kale.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangozula chomerachi nkukachibzala pansi pa mtengo kunyumba kapena kusukulu? Apa ndi pamene pagona nkhani. Njere za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo kabokosi kamodzi kamasunga zikwi zambiri. Koma njerezi zilibe kamba wa paulendo monga ili nayo nyemba kapena mtedza. Kuti njere imere, iyenera kugwera pamene pali ulusi wa bowa wa m'nthaka woyenerana nayo, umene umaidyetsa mpaka itatulutsa masamba. Kuchokera pa njere kufika pa duwa loyamba pamapita zaka. N'chifukwa chake chinaka chozulidwa kuthengo kawirikawiri chimaphuka kamodzi kapena kawiri m'dimba la maluwa, kenaka nkuzimirira. Chomerachi sichisamuka chokha: chimafuna nthaka yake, bowa wake, mthunzi wake ndi tizilombo take.

Zimenezi zikadakhala nkhani yongosangalatsa m'kalasi chikadapanda kukula chilakolako cha msika. Chinaka chidali ndiwo ya pamudzi, koma m'matauni a Zambia chidasanduka malonda aakulu. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2003 adaonetsa kuti timbatata toposa mamiliyoni awiri tinkachoka kumapiri a kummwera kwa Tanzania chaka chilichonse kupita ku Zambia. Boma la Tanzania lidakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo m'chaka cha 2005, makamaka pofuna kuteteza maluwa ake. Kwathu kuno, pamwamba pa khasu la wokumba, pali nkhwangwa ya wootcha makala ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Mombo ukagwa mthunzi umatha, nthaka imauma, ndipo bowa amene amayi amazula m'dzinja amasowa limodzi ndi maluwa. Sitikudzudzula mayi wamasiye amene amakumba chinaka kuti apeze ya sopo ndi makope a ana. Iyeyo ndiye adzayambe kulira tsiku limene adzayende mtunda wonse nkubwerako ndi dengu lopanda kanthu.

Nanga tingatani? Choyamba, wokumba adikire mpaka maluwa atauma ndipo njere zamwazika, asiyeko zomera zina pamalo aliwonse, ndiponso akwirire maenje. Chachiwiri chikukhudza aphunzitsi. Masukulu athu ambiri adadula mitengo yachilengedwe nkubzala maluwa achilendo m'mizere ya njerwa. Ena mwa maluwawo, monga lantana wochokera ku America, adathawira kuthengo nkusanduka tchire lovuta. Komatu akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sukulu imene idakali ndi kachigawo ka mombo kuseri kwa bwalo ili kale ndi dimba la maluwa a mumthunzi, losafuna kuthirira kapena feteleza. Chofunika ndi kulitchinga kuti mbuzi zisalowe, kulambula njira yotchinga moto, ndi kuleka kusesa masamba ogwa, pakuti ndiwo chakudya cha nthaka. Lamulo la zankhalango la 1997 limalolanso midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo mogwirizana ndi mafumu, ndipo achinyamata amene amaliza sukulu angatsogolere ntchito yotere.

Dzinja likafika, mphunzitsi atenge ophunzira ake ndi makope, akakhale chete pamthunzi paja. Ajambule duwa lililonse, alembe tsiku limene lamasula ndi kachilombo kamene katerapo, ndipo akafunse agogo dzina lake m'Chitumbuka. Tsiku loyamba mwina sadzaona kanthu, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mwana amene adzaone gulugufe akunyamuka ndi timitolo ta mungu sadzaiwala, ndipo akadzagula chinaka pa Boma adzadziwa chimene chili m'mbale yake.